Bokosi Lotsiriza pa Fomu

Ndinayamba ndi choko chothyola pakati,
theka langa, theka la Bambo Chidzaye a Sitandade 4,
ku Tsangano, kumene Juni amalowa m'kalasi osaodira
n'kukhala kutsogolo.
Ana anali zana limodzi ndi makumi atatu.
Ndinkawazindikira ndi katsokomoledwe.

Kenaka anandipatsa kiyi wa ofesi ndi chidindo.
Ndinaphunzira kuti mphunzitsi wamkulu
ndi munthu wowerenga malata otsala mphepo ikadutsa,
wopempha njerwa kwa makolo odziwa ngongole zake kugolosale.

Kenaka njinga yamoto ya boma, yokana kulira m'mawa,
sukulu khumi ndi zinayi za m'zoni yanga,
matope a Januwale mpaka m'maondo.
Akandimva ndikubwera, zikoti zinkabisala kuseri kwa bolodi,
ana n'kuyankha mokweza phunziro loloweza dzulo lake.
Ine ndinkalemba kuti zonse zili bwino.

Zaka zinandikankhira ku Lilongwe, m'nyumba yosanja,
kumene ana alibe mamina, ali ndi maperesenti.
Tinkakangana tsiku lathunthu pa liwu limodzi:
tilembe "ayenera" kapena "angathe"?
Tiyi sankachedwa.
Lipoti langa la masamba makumi asanu ndi atatu
linati atsikana amatayika pakati pa Sitandade 5 ndi 7
ngati makobidi m'thumba lobooka.
Anaomba m'manja. Wina anakhazikapo kapu yake.

Lero ndabwerera ndi imvi, mafomu ndi dalaivala wa phuma.
Taima pa Lizulu kuti agule kabichi.
Mayi wina wakweza beseni la kachewere pawindo,
wandiyang'ana, walitsitsa.
"Madamu Kachingwe! Ndine Dolifa.
Ndinkakhala pafupi ndi chitseko."

Ndamukumbuka.
Ankachokera tsidya la msewu, ku Mozambiki,
kuoloka dziko m'mawa uliwonse wopanda nsapato,
ndipo samu ankaimaliza
ine ndisanapukute choko m'manja.

Dzanja latulutsa fomu osafunsa mutu.
Chifukwa chosiyira sukulu, chongani chimodzi:
umphawi, mimba, ukwati, mtunda, zina.

Waseka, wapukuta manja pachitenje.
"Chimbudzi cha atsikana chinagwa ndi mvula ndili Sitandade 6.
Mwezi womwewo ndinakula.
Amayi anagona odwala, kachewere akudikira wokumba.
Ndiye inu munasamutsidwa.
Chongani pamene pali malo, Madamu."

Ndagula ndowa ziwiri zomwe sindikuzifuna.
Chenji wandiuza ndisanatsegule kachikwama,
waponyamo mbatata zitatu za banyira.
"Wanga woyamba ali Sitandade 5 komweko.
Kodi chimbudzi chija munamanga?"

Ndikudziwa chiwerengero cha zimbudzi m'boma lonse la Ntcheu,
chili patsamba 43, ndinachiwerengera ndekha kawiri.
Cha kuseri kwa mkungudza uja sindikuchidziwa.

Dalaivala waliza hutala.
Nkhungu yatsika kuchokera kuphiri, yameza msika,
yameza malire, beseni, ndi Dolifa yemwe.
Ndachonga "zina."
Kamzere kofotokozera n'kakafupi ngati chala cha mwana,
ndiye ndatembenuza pepala,
ndikulemba kumbuyo, kumene makina sawerenga,
galimoto ikugwedeza zilembo mpaka pa Mlangeni.

Mawa ndimuuza dalaivala akhotere ku Tsangano.
Sizili pa pulogalamu.
Mafuta ake ndidzayankha ndine.