Utomoni Wobiriwira

Kuno kumapiri a Minas Gerais
ndimapala utomoni wobiriwira ndi mpeni wobuntha,
uja njuchi zimamatira ming'alu ya mng'oma
kuti mphepo ndi matenda zisowe polowera.
Umanunkhira tchire, umakanirira m'zikhadabo.

Lachinayi lililonse ndimaukweza basi
kupita kwa mwana wanga Ivonete, ku Ribeirão Preto.
Iye amausungunula m'labotale
n'kumaudonthezera m'timbale tagalasi
momwe maselo a khansa amaswana osapumira
ngati sanamvepo za imfa.

Dzulo usiku anaimba foni.
"Bambo, a m'kambale kachisanu ndi chiwiri afota.
Ena asiya kugawikana."
Ndinangoti chete, chipewa chaukonde chili m'manja.
"Koma kambale si munthu, bambo.
Kutsogoloku kuli mbewa, kenako zaka,
mwinanso sitidzaphula kanthu."

Ndinasuzumira kuchipinda.
Jurema anali m'tulo, mpango utasendera
pamutu pomwe panali tsitsi lofika m'chiuno,
khadi la kuchipatala litapsinjidwa ndi kapu:
Lolemba, diripi yachisanu.
Za kambale sindinamuuze.
Adokotala ali ndi mankhwala awo, ndipo tipita.
Ine changa n'kuthira uchi mu tiyi wake
poti zonse zikumveka chitsulo m'kamwa.

M'mawa uno njuchi yandiluma pachala cha mphete.
Ndazula mbola, ndaiyang'anitsitsa padzuwa,
kadontho ka ululu kakulendewera.
Ivonete akuti nakonso akukafufuza.

Ndavundikira mng'oma.
Basi inyamuka naini koloko.