Mizere ya Makala

Ndinkawerenga ndi khala pa khoma la nkhokwe,
kuyambira tsiku lomwe nkhunzi ya a Maseko inakwera Mphonda.
Mzere umodzi, mawa wina,
mpaka makumi awiri ndi umodzi.
Akadutsa pamenepo ali phee,
ndinkagona ngati thole labadwa kale.
Koma pa mzere wa makumi atatu ndi isanu,
chisanu chikutsika m'phiri la Domwe,
analiranso kulira kuja,
akukwera anzake m'khola,
chamadzi chikulendewera kumchira ngati therere.

Kachitatu chaka chino.

Venansiyo anati, Loweruka ndimukusira ku Ulongwe,
ogula nyama safunsa za bere.
Msipu wa ku Lifidzi sudyedwa ulere.

Lachinayi kunabwera a Abiliyo a zaziweto,
njinga yamoto ili fumbi lokhalokha.
Anavala pulasitiki mpaka paphewa,
nalowetsa mkono, maso ali pa mtengo wa mapichesi,
ngati munthu wofufuza machesi mumdima.
Ine ndinagwira mchira.

Nyanga si ziwiri zokha mukuzionazi, anatero,
m'katimu muli zina ziwiri, zofewa, zopindika.
Yakumanjayi yatupa.
Pobereka paja, nsengwa inagwa liti?
Tinati, patatha masiku atatu,
tinachita kumangirira mwala kuti ikoke.
Anangogwedeza mutu. Sanakalipe.

Bere limalowa ndithu, mayi.
Kanthu kake n'kochepa kuposa njere ya mawere,
kalibe mchombo, kalibe pogwira,
kamangoyandama, kakumwa
zimene khoma la chiberekero likukha.
Pakatha milungu iwiri katalika ngati ulusi,
ndipo kamayenera kunong'oneza kuti,
ndilipo, musasese.
Koma nyumba ikakhala ya mafinya
mawu ake amafika mochedwa, kapena osafika n'komwe.
Thupi limasesa, litseka chitseko,
n'kuyambanso kuwerenga.

Ndinapana mchira uja mpaka Mphonda anaponda pansi.
Palibe anandiyang'ana.
Venansiyo ankachotsa chisoso pa buluku lake,
chimodzichimodzi,
ngakhale pomwe panalibe.

Kanga koyamba kanatsala m'munda wa mbatatesi,
pakati pa mzere wachisanu ndi wachisanu n'chimodzi,
ndinakwirira ndi khasu lomwelo.
Kachiwiri pangolo, tisanafike pamlatho.
Alamu anga kuchitsime anati dengu lobowoka,
ananena motsitsa, koma ndowa imakweza mawu.
Zaka zinayi
palibe amene anandiuzapo kuti, limalowa ndithu.
Palibe anafunsa kuti chinachitika n'chiyani kumbuyoku,
inagwa liti, munatentha thupi masiku angati.

Mankhwala otsukira ndi jakisoni
anati metikali mazana asanu ndi limodzi.
Mwamuna wanga anayang'ana kumsewu wa ku Ulongwe.
Ndinamasula mfundo ya chitenje,
ndalama ya nyemba yomwe ndinkasungira malata,
ndinaiwerenga poyera, pamaso pa ng'ombe.
Musampatse nkhunzi msanga, anatero a Abiliyo posamba,
alire kawiri, mungomumvera.
Munda wopsa umafuna mvula ziwiri.

Loweruka linafika, chingwe chinakhala pamsomali.

Usiku wake, nyali itazima,
mphepo ikugwedeza lata limodzi lomwe tili nalo,
Venansiyo analankhula atapenya kukhoma:
Nangozo,
kodi kuchipatala chachikulu kuja
amayi amawaona tsiku liti?
Sindinayankhe msanga.
M'khola Mphonda ankabzikula,
pang'onopang'ono, ngati alibe ngongole ndi munthu.

M'mawa ndinafufuta mizere yonse ndi chiguduli chonyowa.
Khoma linada pang'ono, kenako linauma.
Khala lija sindinataye.
Lili pamwamba pa chitseko cha nkhokwe,
pomwe mvula sifika.