Zithunzi Ziwiri ku El Alto

Ndimaziyang'ana poziloza kuwala kwa pazenera,
ubongo wa Wara, ubongo wa Eusebio.
Banga ndi lomwelo, mbali ya kumanzere,
laling'ono ngati nyemba yopserera.
Onse anabadwa ali zii, osalira,
mu Julaye, madzi ataundana m'mipope.

Tsopano akwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi.

Wara amafika Lachiwiri lililonse
atabebedwa ndi Fidelia m'nsalu ya mizeremizere,
pa kangolo kolendewera pa chingwe
kamene kamadutsa pamwamba pa malata a mzinda.
Njira yonse mayiyo pakamwa sipatsekeka:
uyo galu, ilo phiri la Illimani lavala zoyera,
awa anyezi athu, werenga nane.
Mwanayo amakoka mwendo, koma mawu wadzaza thumba.
Dzulo wandiuza kuti nsapato zanga n'zoipa.

Eusebio ndinamuona komaliza mu Epulo.
Bambo ake ali ku mgodi, ku Potosí,
mayi ake amachapa zovala za eni kumunsi ku La Paz,
amachoka kusanache, chitseko n'kukhoma,
wailesi n'kumusiyira kuti izimulera.
Mankhwala a khunyu anatha ndalama isanabwere.
Kusukulu akuti amaluma anzake,
akuti sakhazikika, ali ngati wakhalira nyerere.

Musafulumire kuloza chala.
Ndinawaona manja a mayiyo, ong'ambika ndi sopo,
akusisita mutu wa mwana pamene anali kugwedezeka pansi,
akunong'ona dzina lake kasanu, kakhumi.
Chikondi chilipo. Chimene chikusowa ndi Lachiwiri,
ndi ndalama ya basi, ndi munthu woti atsale pakhomo.

M'fayilo muli mizere yoti ndidzaze:
kukula kwa banga, msinkhu pamene linachitika,
maphunziro a mayi, ndalama za pa mwezi.
Palibe mzere wa agogo a Wara
amene anagulitsa nkhosa zitatu osauza munthu.
Palibenso mzere wa ichi:
Eusebio, amene pensulo imamupulumuka m'manja,
amadziwa pamtima njira ya minibasi iliyonse
yochoka pa Ceja, ndipo amaifuula ngati kondakitala,
osaphonya siteji ngakhale imodzi.

Madokotala akandifunsa kuti adzafika pati,
ndimabweza zithunzi mu envulopu.
Mawa ndi Loweruka, sindigwira ntchito.
Ndalemba adiresi yake pa dzanja langa,
ndipo ndikamufunsa yekha basi yoti ndikwere pobwerera.