Dzina Lake ndi Fatsani

Tinamutcha Fatsani.
Mulungu ayenera kuti anaseka tsiku limenelo.

Zaka zisanu ndi zitatu, Sitandade 3,
pensulo yachinayi mwezi uno yasowa,
nsapato imodzi ili kusukulu, inzake padenga la khola.
Ukamutuma mchere kugolosale
amabwera ndi nkhani ya galu wa miyendo itatu,
ndalama ikadali m'manja, yonyowa ndi thukuta.

Aphunzitsi analemba ndi inki yofiira:
"Mwanayu ndi wanzeru, koma sakhazikika.
Makolo abwere Lolemba."
Ndinapita nditavala malaya akutchalitchi,
zikhadabo zili bii ndi phulusa la nzimbe zootchedwa.

Pa Dwangwa malangizo sagulidwa.
Mlamu wanga akuti ndi shuga.
Mayi wa zitumbuwa akuti ndi mafiziyesi ofiira
amene mnzake amagulitsa pageti.
Wina akuti mapemphero, wina akuti chikoti.

Shuga!
Ine ndadula nzimbe zaka khumi ndi zinayi.
Malata a nyumba ino anagula ndi shuga,
yunifolomu yomwe wang'amba dzulo ndi shuga yemweyo.
Ndiye ndimuuze mwana kuti mdani wake
ndi uja amatilipira pakutha pa mwezi?

Kuchipatala tinapeza dokotala wachitsikana,
magalasi ake omangidwa ndi ulusi mbali imodzi.
Anandimvetsera mpaka ndinamaliza,
uku Fatsani akuzungulitsa mpando wake wamatayala.
"Bambo, vutoli lili ndi dzina.
Si mwano, si ufiti, ndipo simunalakwe polera.
Chakudya pachokha sichichiza.
Koma mwana wopita m'kalasi ndi tiyi yekha m'mimba
angamve bwanji za kuchotsera?
Yambirani pamenepo. Azigonanso msanga."
Nanga shuga? ndinafunsa.
"Chepetsani, mano ake adzakuthokozani.
Zinazo sindikulonjezani. Mubwere mwezi ukatha."

Nachisale anayamba kudzuka nkhuku zisanatsike:
phala la mgaiwa lothira nsinjiro,
dzira, nkhuku ikafuna,
usipa wosinja wobisa m'chisoso
ngati kalata yachibwenzi.
Ine ndinagula kope la masamba makumi anayi
kuti ndizilemba madzulo aliwonse.

Lolemba: phala ndi nthochi. Wamaliza masamu asanu.
Lachiwiri: phala lomwelo, nthochi yomweyo.
Wathamangitsa tombolombo mpaka kungalande,
chikwama chatoledwa ndi wakabaza.
Lachinayi: wadya fiziyesi mobisa, lilime lamuulula,
komatu wakhala phee pakhonde
kuwerenga mathirakitala onyamula nzimbe
mpaka makumi awiri ndi atatu.
Lachisanu: walira. Sindikudziwa chifukwa.

Kopeli lili ngati mboni ziwiri pabwalo la milandu.
Aphunzitsi akuti m'mawa wayamba kupirira,
koma belu la buleki likangolira
amabwerera kukhala kamvuluvulu.
Mlamu akuti tawonjezera chabe bajeti.
Mwina. Masaya okha ndiye adzadza.

Usiku wina anandifunsa mumdima:
"Ababa, kodi mukundikonza?"
Ndinasowa yankho ngati munthu wogwidwa ndi nzimbe yakuba.

Lamulungu lapitali tcheni cha njinga yanga chinaduka.
Anakhala pansi ndi msomali ndi mwala,
maola awiri osadzutsa mutu.
Amake anamuitana katatu, sanamve.
Ntchentche inatera pamphuno, sanaithamangitse.
Atatha anapukusa pedulo, tayala n'kuzungulira,
nandionetsa manja ake,
akuda ngati anga.

Anali atadya chiyani tsikulo?
Mbatata yozizira ya dzulo lake.
Ndinatsegula kope, ndinagwira bolopeni,
ndinalemba kuti "mbatata,"
kenako ndinafufuta
n'kulemba kuti "njinga."

Mwezi ukutha Lachisanu.
Tidzapitanso kwa wamagalasi uja,
kope m'thumba, phala m'mimba,
iye pakaliyala akulankhula osapuma,
ine ndikupalasa,
ndikumvetsera tcheni chake
chimene mpaka lero sichinadukenso.