Mikanda Ili pa Msomali

Dzanja la Zuze likundifufuza mu neti,
likadali ndi fungo la mlamba wowamba.
Ine khutu lili ku Ruo.

Chibwerereni ku kampu ya ku Bangula
thupi langa limagona chilili,
ngati mbuzi pachulu madzi atazinga.

Mikanda ndinavula chaka cha madzi
ndipo chiuno chinaiwala kuyankha.
Akandikhudza ndimauma gwa,
kumawawa,
mlendo pamphasa yanga yomwe.

Anamwino anati magazi ali bwino.
Sanapime mumtima, momwe madzi sanaphwebe.

“Kodi pali wina?” wafunsa monong'ona.
Alipo, Zuze. Ndi mtsinje.
Umagona pakati pathu.

Usachotse dzanjalo.
Lisiye paphewa pomwepo,
timvetsere limodzi
ngati kumapiri kukugunda.