Maso Awiri, Thupi Limodzi

Kamera iyi anabwera nayo Lusiyano kuchokera ku Joni,
yogwirapo kale, utoto utasupuka pamene pamakhala chala chachikulu.
Anaitulutsa m'masokosi atatu:
thupi palokha, lopanda nkhope, ngati nyumba yosaika mawindo,
ndi maso awiri, lililonse m'kabokosi kake kachitsulo.
Ndinayesa yaphwanyikira m'basi.
Iye anaseka, nakankha diso cham'mbali
monga amatsekera dilowa ya tebulo. Khethe!
"Usayese ndi galasi lokha, mlongo.
Kuseri kwake kuli kambale kolandira kuwala,
anazitsekera pamodzi kufakitale.
Ukasintha diso, wasinthanso chomvera zimene laonazo.
Fumbi la ku Kasungu lidzasowa polowera."

Lasowadi.
Zaka zisanu ndili kuseri kwa depoti,
Okutobala kamvuluvulu akamavinitsa majumbo
ndi kundithira mchenga m'mano,
koma zithunzi zanga zilibe kadontho.

Diso lalifupi ndi la maukwati.
Ndi ladyera, limameza zonse:
akuchikazi, akuchimuna, ana otola makobiri a perekaniperekani,
ndi phiri kumbuyoko, mlendo wosaitanidwa.
Lalitali ndi losakhululuka.
Limawerenga ziphuphu, mphini, kolala yotembenuza,
limapeza msozi usanaganize zotsika.
Limenelo ndi la ziphaso, la ofuna ntchito yaulonda,
la mwana amene fomu ikumudikira kusekondale.

Lachitatu lapitali kunabwera bambo Zefaniya Msokera a ku Santhe,
tenanti wa fodya zaka makumi atatu,
jekete yobwereka, manja ake ofika pakati pa zala.
Ankafuna chithunzi chotumiza kwa mwana wawo Estere ku Mzuzu
kuti aone kuti ng'ala ija anaichotsa.
Ndikusolola diso la ukwati kuti ndiike linalo
anandigwira pamkono.
"Bwerezani."
Ndinabwereza. Khethe.
"Nanenso anandichita zomwezo kuchipatala.
Anachotsa galasi lachifunga n'kuika lawo.
Tsopano mtengo wa mthethe ndikuuona tsamba limodzilimodzi,
mitengo ya feteleza ndikuwerenga ndekha, mwina bola kale.
Koma chakuseri anasiya chomwecho.
Ndikayang'ana m'chigafa
ndimaonabe mai ake a Estere atatambalala pamphasa,
singano m'manja, akusoka fodya,
phula lakuda m'zala.
Chikhalirecho tinawaika chaka cha njala yachiwiri."
Anakhala chete, minibasi ya ku Chinkhoma ikuitanira panja.
"Yanuyi, ikasintha diso imaiwala?"

Sindinayankhe.
Ndinabwezera diso lalifupi,
lomwe lija losadziwa kusankha munthu.
Iwo anakhala pabenchi langa kumapeto kwenikweni,
ngati mmene amakhalira munthu amene wazolowera kusiyira wina malo.
Sindinawauze kuti sunthirani pakati.

Chitatuluka m'makina, theka la chithunzi linali thabwa lopanda munthu
ndi nsalu yanga yakumbuyo, yojambulapo nyumba yosanja.
Ndinatenga sizasi, mwachizolowezi.
"Musadule," anatero.
Analipira ndalama zofewa ndi thukuta,
nachilowetsa m'thumba lamkati mwa jekete ya eni ake.

Madzulo ndinasolola diso, ndinalibwezera m'sokosi,
linzake m'sokosi ina.
Thupi linatsala pathebulo, lopanda nkhope,
batire ikadali yofunda.
Ndipamene ndinakumbukira zimene Lusiyano sananene:
maso aja, ngakhale amabwera ndi kambale kawo, sasunga kanthu.
Zonse zimene awiriwo aona
zimagona muno, m'thupi losupukali,
pakakhadi kochepa ngati chikhadabo.

Bambo Msokera, funso lanu lija.
Mukadzabweranso ku Kasungu mutagulitsa mabelo,
ndili pompano, kuseri kwa depoti,
pafupi ndi wowotcherera matayala.
Yankho ndalipeza mochedwa, basi yanu itapita:
ayi, siiwala.
Imangodzadza.
Kusiyana kwake n'koti yangayi ikadzadza ndimafufuta.