Mtsempha wa Mwala

Ku Magaba fumbi siligona.
Ine ndimagwira m'shedi ya malata, kuseri kwa owotcherera,
kulemba mayina a akufa pamwala wakuda
wobwera pa lole, wodulidwa kale ndi makina.
Anthu amafuna wakudawo.
Amati umawala, amati sugwira ndere.

Koma kunsi kwa benchi, m'thumba la feteleza,
muli chidutswa choyera ngati mafuta a ng'ombe,
nsangalabwi yotsiriza ya kuphiri
kumene bambo anga, a Ajusa Mlozowa,
anasiya msana wawo ndi zala ziwiri.

Anachoka ku Ntcheu wapansi, kudzera ku Tete,
bulangete paphewa,
kubwera kuno kumene kwathu ankangoti ku Halale.
Tauni inawalavula. Phiri linawatola.
Kumeneko kunali komboni ya mizere inayi,
Achewa, Asena, Ayao, Akorekore,
onse oyera nsidze pofika madzulo.

Ankagogoda thanthwe ndi nyundo, khutu ataligunditsa.
Likalira ngati belu la kumishoni, dula.
Likalira ngati dzungu,
lili ndi mng'alu m'mimba, lisiye.
Ankaboola mabowo mumzere,
kukhomamo zikhomo za mtengo wouma,
kuthira madzi, n'kupita kukagona.
Usiku mtengo unkatupa,
phiri n'kuyasamula lokha.

Ndinakafikako chaka chatha pa basi ya nkhuku.
Dzenjelo ladzaza madzi obiriwira.
Nyumba anagumula, yatsala mitengo ya mango
yoimabe mumzere, ngati ikudikira malipiro.
Mnyamata woweta mbuzi anandifunsa
ngati ndikufuna golide.

Lachiwiri lapitali ndinafola kubanki m'tauni.
Mzere sunkayenda. Ndinayang'ana pansi,
ndipo pamasitepe, pakati pa nsapato za anthu,
ndinaona mtsempha wotuwa uja,
wokhota ngati mtsinje wa Rivirivi
momwe bambo ankaujambulira padothi.
Ndinagwada.
Ndinayala chikhatho. Unali wozizira, wodyeka pakati,
zaka makumi asanu za mapazi
osadziwa kuti akuponda pa ndani.
Mlonda anandikhudza ndi ndodo:
"Mudhara, simukai."
Ankayesa ndatola ndalama.
Malo anga pamzere anatenga wina.

Bambo ali ku Mbudzi,
manda a kumapeto, pafupi ndi waya.
Pamutu pawo pali chilata ndi nambala
imene dzuwa ladya theka.
Munthu woyala miyala pansi pa mabwana
agona pansi pa chitini.
Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikunena kuti mawa.
Ndimaopa: ndikachisema chidutswachi,
phiri lathera pomwepo.

Rumbi, mwana wa mlongo wanga wa ku Mufakose,
amabwera Loweruka kudzasesa shedi.
Chichewa chake n'chothyoka,
amati sekuru, sanena kuti malume.
Dzulo anakoka thumba lija, kufuna kusesa kunsi.
Sindinamukalipire.
Ndinamupatsa nyundo ya bambo,
mpini wake wopindika potsata dzanja la zala zitatu.
Gogoda, ndinatero. Osati choncho,
sukupha njoka. Pang'ono. Tsopano mvera.

Owotcherera anali atazimitsa, magetsi atapita.
Anagunditsa khutu, tsitsi lake n'kuyera fumbi.
Anagogodanso.
"Ukulira," anatero.
Ukulira bwanji?
Anasowa mawu m'zinenero zonse ziwiri,
anangokweza chala m'mwamba.

Tinalemba mzere ndi pensulo.
Ine ndinagwira chizulo, iye nyundo,
kenako tinasinthana.
A woyamba watuluka wopendekeka,
mwendo umodzi wautali ngati wa munthu wotsika phiri
atasenza katundu.
Ankafuna tiupale, tiyambirenso.
Ndakana. Mwalawu ndi wochepa,
ndipo kwatsala zilembo khumi ndi chimodzi.